Ndani alamule asilikali? Lipoti la mkangano wa ku Louisiana pa nthawi ya namondwe wa Katrina

Usiku kwambiri wa Lachisanu pa 2 Sepitembala 2005, kalata yochokera ku White House, ofesi ya pulezidenti wa America, inafika pa makina a fakisi ku Baton Rouge, likulu la chigawo cha Louisiana ku America. Inali yopita kwa bwanamkubwa wa chigawocho, mayi Kathleen Blanco, ndipo chomwe chinkafunika kwa iwo chinali kusaina basi. Akanasaina, asilikali onse omwe anali m'chigawo chawo akanakhala pansi pa mkulu mmodzi wochokera ku boma lalikulu la ku Washington. Pa nthawiyo n'kuti mzinda wa New Orleans utatha masiku anayi uli m'madzi chifukwa cha namondwe wa Katrina, anthu akugona pamadenga ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Kutacha, mayi Blanco anakana.

Ntchito yanga ndi yolangiza za malamulo pa nkhani ya asilikali ogwira ntchito pakati pa anthu wamba, ndipo nkhani imeneyi ndimaibwereza kawirikawiri pophunzitsa. Pafupifupi nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti mayiyu anachita nkhanza, anakonda mpando kuposa miyoyo ya anthu. Ine sindiona choncho. Kalata ija sinali yokhudza madzi akumwa, mabasi kapena mahelikopita, chifukwa zonsezo boma la Washington linali ndi mphamvu yozitumiza kale popanda siginecha ya aliyense. Inali yokhudza funso lina: ndani alamule anthu onyamula mfuti, ndipo kodi anthuwo aziloledwa kumanga nzika? Kusakaniza mafunso awiriwa n'kumene kunadya nthawi m'sabata imeneyo.

Malamulo omwe analipo

Ku America chigawo chilichonse chili ndi gulu lake la asilikali lotchedwa National Guard. Ambiri mwa iwo ndi anthu a ntchito zina, aphunzitsi, amakaniko, oyendetsa malole, omwe amavala yunifolomu akaitanidwa. Msilikali mmodzi yemweyo akhoza kugwira ntchito m'njira zitatu. Bwanamkubwa akhoza kumuitana pa mphamvu za chigawo, chigawocho n'kumamulipira. Akhozanso kukhalabe pansi pa bwanamkubwa koma malipiro n'kumachokera ku Washington, ndipo njira imeneyi amaitchula ndi gawo la malamulo lomwe imachokera, Title 32. Kapena pulezidenti akhoza kumutenga n'kumusandutsa msilikali wa dziko lonse pansi pa Title 10, ndipo zikatero bwanamkubwa sakhalanso ndi mawu pa iye. Yunifolomu imakhala yomweyo, mfuti yomweyo, koma zomwe lamulo limamulola kuchita zimasintha kwambiri.

Chimasintha zinthu ndi lamulo la 1878 lotchedwa Posse Comitatus Act. Lamuloli limaletsa kugwiritsa ntchito asilikali a boma lalikulu ngati apolisi, monga kumanga anthu, kuchita chipikisheni kapena kulanda katundu, pokhapokha malamulo aakulu a dziko kapena Nyumba ya Malamulo italoleza momveka. Woliphwanya akhoza kukhala kundende zaka ziwiri. Koma silikhudza National Guard ikakhala m'manja mwa bwanamkubwa. Ndiye pali chinthu chomwe ambiri chimawadabwitsa akachimva koyamba: msilikali wa Guard akakwezedwa kukhala wa dziko lonse, mphamvu zake pamsewu zimachepa.

Khomo lalikulu lotulukira mu chiletso chimenechi ndi Insurrection Act, lamulo lomwe linayamba mu 1807. Limalola pulezidenti kutumiza asilikali kukagwira ntchito yachipolisi ngati nyumba ya malamulo ya chigawo, kapena bwanamkubwa pamene nyumbayo singathe kukumana, apempha thandizo lothetsa kuukira boma la chigawocho. Limamulolanso kutero osapemphedwa ngati chisokonezo chafika poti malamulo a dziko sangatsatidwe kudzera m'makhoti, kapena ngati gulu lina la anthu likulandidwa ufulu wake ndipo akuluakulu a chigawo akulephera kapena akukana kuwateteza. Asanatumize asilikaliwo, pulezidenti amayenera kulengeza kaye kuti ochita chisokonezo abalalike. M'mawu a lamuloli monga analili mu 2005 munalibe namondwe, chivomezi kapena mliri.

Za ngozi zogwa mwadzidzidzi zili ndi lamulo lakelake, Stafford Act la 1988. Bwanamkubwa akapempha, pulezidenti n'kulengeza za ngoziyo, asilikali a dziko lonse akhoza kupulumutsa anthu, kugawa chakudya, kutsegula misewu, kuthandiza odwala. Kumanga munthu ndiye ayi.

Zomwe zinachitika

Mayi Blanco analengeza kuti chigawo chawo chili pangozi pa 26 Ogasiti. Pulezidenti George W. Bush analengeza zomwezo pansi pa Stafford Act pa 27, namondwe asanafike n'komwe. Pa 28, meya wa New Orleans, a Ray Nagin, analamula kuti anthu onse asamuke mumzindawo. Namondwe anafika pamtunda m'mawa wa Lolemba pa 29, makoma otchinga madzi anagumuka m'malo ambiri, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mzindawo anamira.

National Guard ya Louisiana inayamba ntchitoyi ili yopunduka kale. Asilikali ake pafupifupi 3,000 anali ku Iraq, ndipo likulu lake ku Jackson Barracks linalowa madzi m'mawa womwewo, moti akuluakulu ake anayamba apulumutsidwa kaye okha n'kusamukira ku bwalo la masewero la Superdome. Mafoni ndi mawayilesi olumikizirana anafa. Apolisi a mumzinda nawo anali atataya magalimoto ndi maofesi, ena mwa iwo nyumba zawo zili pansi pa madzi, ena osabweranso kuntchito.

Thandizo linabwera m'njira ziwiri zosiyana. Zigawo zina zinatumiza asilikali awo a Guard kudzera mu mgwirizano wothandizana pangozi wotchedwa EMAC, ndipo m'dera lonse lokhudzidwa anafika pafupifupi 50,000, onse pansi pa abwanamkubwa. Mbali ina kunali gulu la boma lalikulu lotsogozedwa ndi Lieutenant General Russel Honoré, mbadwa ya ku Louisiana komweko. Gulu loteteza magombe la Coast Guard, lomwe lamulo la 1878 silimalimanga manja, silinadikire mkangano wa aliyense ndipo linapulumutsa anthu opitirira 33,000.

Lachitatu pa 31 Ogasiti mayi Blanco anapempha asilikali 40,000. Apa ndi pamene ine, ngati wolangiza, ndimawapeza ndi cholakwa. Pempholo silinanene bwino kuti akufuna asilikali a mtundu wanji, kuti adzagwire ntchito yanji, pansi pa lamulo liti. Munthu amene madzi afika m'khosi sasankha mawu, zimenezo n'zomveka, koma ndiye ntchito ya ife olangiza ndi imeneyo: kusandutsa mfuu kukhala pempho lomwe wina angaliyankhe. Ku Washington nambala ija anaimva ngati pempho la asilikali oti akakhazikitse bata, ndipo maloya anayamba kukambirana za Insurrection Act. Akukambirana choncho, magulu a asilikali omwe akanatha kunyamuka kukanyamula anthu anakhala akudikira lamulo loti anyamuke.

Mphekesera

Gawo ili ndimalichedwerapo dala, chifukwa mphamvu yoitana asilikali imadalira zomwe zikuchitikadi pamalopo, ndipo m'sabata imeneyo zomwe akuluakulu ankamva sizinali zomwe zinkachitika.

Zinkamveka kuti ku Superdome ndi ku holo yaikulu ya misonkhano ya Convention Center, komwe anthu zikwizikwi anathawira, magulu a zigawenga akupha anthu ndi kugwiririra ana, komanso kuti mahelikopita opulumutsa anthu akuwomberedwa. Izi sizinkanenedwa ndi anthu wamba okha. Meya ndi mkulu wa apolisi, a Eddie Compass, anazibwereza pa wailesi yakanema, atolankhani n'kumazitenga ngati umboni poti zachokera kwa akuluakulu, akuluakuluwo n'kumazimvanso pa wailesi ngati chitsimikizo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Madzi ataphwa, ku Superdome kunapezeka mitembo 6, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wochita kuphedwa ndi mnzake. Kuba m'masitolo kunalipodi, mfuti zinaliradi m'malo ena, ndipo anthu anavutika koopsa ndi ludzu, kutentha ndi uve. Koma kuukira boma kunalibe.

Mphekeserazi zinali ndi mtengo wake. Pa 31 Ogasiti meya analamula apolisi pafupifupi 1,500 kusiya ntchito yopulumutsa anthu n'kuyamba kuthamangitsa akuba. Mawu akuti mzinda uli pansi pa ulamuliro wa asilikali anayamba kumveka, mpaka ofesi ya mlangizi wamkulu wa chigawo pa malamulo inachita kufotokoza kuti malamulo a Louisiana sadziwa chinthu chotero, amangodziwa kulengeza ngozi. Mayi Blanco nawo anauza atolankhani kuti asilikali 300 a Guard ochokera ku Arkansas, omwe anali atangobwera kumene ku Iraq, afika ndi mfuti zodzaza zipolopolo ndipo amadziwa kuwombera. Mawu amenewa ankafuna kuopseza akuba, koma wowamvanso anali wapolisi ndi msilikali wotopa, wa mantha, amene sanagone masiku atatu. Pa 4 Sepitembala apolisi anawombera anthu opanda zida pa mlatho wa Danziger, awiri n'kumwalira, ndipo patapita zaka apolisiwo anaimbidwa mlandu ndi kumangidwa.

Tayerekezani ndi zomwe zinachitika ku Convention Center masana a pa 2 Sepitembala. Asilikali a Guard pafupifupi 1,000 analowa atakonzekera nkhondo, poti anauzidwa kuti kuli zigawenga. Anapeza anthu pafupifupi 20,000 anjala, ndipo pasanathe ola limodzi malowo anali m'manja mwawo popanda wolimbana nawo. Tsiku lomwelo a Honoré anajambulidwa akukalipira asilikali ndi apolisi pamsewu kuti atsitse mfuti, kuti kumeneko si ku Iraq. Mwa onse omwe analankhula sabata imeneyo, iwo ndi amene anaiwerenga bwino nkhaniyi, ngakhale sanali loya.

Kalata ija ndi yankho lake

Masana a tsiku lomwelo a Bush, mayi Blanco ndi a Nagin anakumana m'ndege ya pulezidenti pabwalo la ndege la New Orleans. Nkhani yoika asilikali onse pansi pa Washington inakambidwa, ndipo mayi Blanco anapempha maola 24 kuti aiganizire. Kalata ya usiku ija inabwera ndi njira yooneka ngati yapakatikati: a Honoré alowetsedwe mu National Guard ya Louisiana, azilamula magulu onse awiri, aziyankha kwa bwanamkubwa pa za Guard ndi kwa pulezidenti pa za asilikali a dziko lonse. Koma pakabuka kusagwirizana, mawu omaliza akanakhala a pulezidenti.

Mfundo ya ku Washington sinali yopanda nzeru. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo zinachitikadi kuti magulu awiri ankakonza ntchito imodzi osadziwana, mahelikopita kupita pamalo amodzi pomwe malo ena sanapiteko aliyense. Msilikali aliyense amaphunzitsidwa kuti wolamula akhale mmodzi.

Komabe ndikanakhala m'chipinda chimenecho ku Baton Rouge ndikanalangiza kukana, pa zifukwa zomwe sizikhudza chipani. Asilikali okhawo omwe lamulo linkawalola kuima pa rodibuloko, kugwira wakuba ndi kuthandiza apolisi anali a Guard, ndipo ankaloledwa kutero chifukwa anali pansi pa bwanamkubwa. Kuwaika m'manja mwa mkulu woyankha kwa pulezidenti kukanabweretsa chikayiko pa mphamvu imeneyo pa nthawi yomwe inkafunika kwambiri. Kusintha wolamula pakati pa ntchito, mawayilesi atafa, kumatayitsa masiku. Ndipo kalatayo sinawonjezere basi ngakhale imodzi. Umboni wake unaoneka m'mawa mwake: pa 3 Sepitembala, atakanidwa, a Bush analengeza kuti akutumiza asilikali opitirira 7,000 a dziko lonse, kuphatikizapo a 82nd Airborne Division, pansi pa mphamvu zomwe anali nazo chiyambire pa 27 Ogasiti. Anafika anthu ambiri a ku Superdome ndi ku Convention Center atasamutsidwa kale. Kumene kunkafunika kumanga munthu, ankayenda limodzi ndi a Guard kapena apolisi. Sindingasiye kunena kuti bwanamkubwa wa Mississippi, chigawo china chomwe namondweyu anasakaza, a Haley Barbour, a chipani chimodzi ndi pulezidenti, nawonso sanapereke asilikali awo.

Panalinso phunziro la ku Los Angeles mu 1992, lomwe akuluakulu a Guard ankalikumbukira. Pa zipolowe zomwe zinabuka khoti litamasula apolisi omwe anamenya Rodney King, bwanamkubwa Pete Wilson anapempha thandizo, ndipo pulezidenti George H. W. Bush anagwiritsa ntchito Insurrection Act pa 1 Meyi, n'kutenganso Guard ya California. Mwalamulo asilikaliwo anali ndi mphamvu zonse zachipolisi. Koma akuluakulu a asilikali a boma lalikulu omwe anayamba kuwalamula anazolowera chiletso cha 1878, ndipo zopempha zambiri za apolisi zomwe Guard inkachita mosavuta dzulo lake zinayamba kukanidwa. Kusiyana kwa maphunziro kunaonekeranso ku Compton, pafupi ndi Los Angeles, komwe wapolisi woyandikira nyumba ina anauza asilikali a dziko lonse a gulu la Marines kuti amuteteze. Iye ankatanthauza kuti akhale tcheru ndi mfuti. Kwa iwo mawuwo ankatanthauza kuwombera mosalekeza kuti mdani asadzutse mutu, ndipo anakhuthulira zipolopolo zopitirira 200 m'nyumba momwe munali ana. Mwamwayi anawo sanavulale.

Kodi pulezidenti akanatha kungolowa mokakamiza?

Papepala akanatha kuyesa. Khoti lalikulu la dzikolo linanena mu 1827, pa mlandu wa Martin v. Mott, kuti woona ngati nthawi yoitana asilikali yakwana ndi pulezidenti. Ndipo zinachitikapo kuti pulezidenti analowa bwanamkubwa asakufuna. Ku Little Rock mu 1957, bwanamkubwa Orval Faubus anagwiritsa ntchito Guard ya Arkansas kutsekereza ana 9 akuda kuti asalowe sukulu ya Central High, zomwe zinali kunyoza chigamulo cha khoti. Pulezidenti Dwight Eisenhower anamulanda Guard imeneyo n'kutumiza asilikali a 101st Airborne Division kukaperekeza anawo. Kumeneko boma la chigawo ndi lomwe linkapondereza nzika zake, ndipo lamulo linalembedwera zoterozo. Ku Louisiana kunali bwanamkubwa wopempha thandizo, osati wotchinga njira. Kumutcha wolepheretsa malamulo kukanafuna kutenga mphekesera zija ngati zoona.

Abwanamkubwa nawo sali pamwamba pa makhoti pa nkhaniyi. Mu 1931 bwanamkubwa wa Texas, Ross Sterling, anatumiza asilikali ku zitsime za mafuta ponena kuti kuli chiopsezo cha zipolowe, pomwe cholinga chinali kuchepetsa mafuta opopedwa. Chaka chotsatira khoti lalikulu linagamula kuti ngakhale bwanamkubwa ali ndi ufulu woona ngati pakufunika asilikali, makhoti akhoza kufunsa ngati zomwe asilikaliwo akuchita zili m'malire. Ndipo Guard kukhala pansi pa bwanamkubwa sikutanthauza kuti singalakwe: ku yunivesite ya Kent State pa 4 Meyi 1970, Guard ya Ohio inapha ophunzira anayi pa zionetsero.

Zotsatira zake

Nyumba ya Malamulo inatengapo phunziro lomwe ine ndimaliona kuti linali lolakwika. Mu Okutobala 2006, m'kati mwa lamulo lalitali la ndalama za asilikali, munalowa ndime 1076 yomwe inasintha Insurrection Act n'kuwonjezera ngozi zachilengedwe, miliri ndi uchigawenga pa zifukwa zomwe pulezidenti angatumizire asilikali bwanamkubwa osavomereza. Ambiri anaizindikira itadutsa kale. Abwanamkubwa a zigawo zonse 50, a zipani zonse ziwiri, anaitsutsa, ndipo maseneta Patrick Leahy ndi Kit Bond anatsogolera zoichotsa. Mu Januwale 2008 lamulo linabwerera m'mawu ake akale.

Chodabwitsa n'chakuti njira ya mkulu mmodzi wa zipewa ziwiri, yomwe inakanidwa usiku uja, ndi yomwe inadzakhazikika pambuyo pake, koma itatembenuzidwa. Masiku ano mkuluyo kawirikawiri amachokera ku National Guard ya chigawo chokhudzidwacho, amaphunzitsidwa ndi kusankhidwiratu ngozi isanagwe, ndipo pulezidenti ndi bwanamkubwa onse amavomereza. Asilikali a Guard amakhalabe a bwanamkubwa, a dziko lonse amakhalabe a pulezidenti, amangokumana mwa munthu mmodzi. Njirayi inagwiritsidwa ntchito pa namondwe wa Sandy mu 2012. Kusiyana kwake ndi kalata ya 2005 ndi nthawi yomwe mgwirizano umalembedwa. Za malipiro zinathetsedwa msanga: pa 7 Sepitembala 2005 asilikali a Guard anaikidwa pa Title 32 kuyambira pa 29 Ogasiti, Washington n'kulipira, abwanamkubwa n'kumalamulabe.

Pali funso limodzi lomwe pa mkangano wonsewu palibe analifunsa, ndipo ndi lomwe ndimaumirira kuti lilembedwe m'chikalata chilichonse choitanira asilikali: adzachoka liti, ndipo adzaona ndani kuti nthawi yakwana? Asilikali a dziko lonse anachoka ku New Orleans patangopita milungu yochepa. A Guard anachepa pang'onopang'ono, koma mu Juni 2006 achinyamata asanu ataphedwa usiku umodzi, meya anapempha kuti abwerere, ndipo mayi Blanco anatumiza 300 kukalondera madera omwe munali anthu ochepa kuti apolisi apite kumene kunali umbanda. Namondwe anali atapita kale, zipolowe kunalibe, chomwe chinalipo ndi polisi yoperewera anthu. Ankati akhala miyezi yochepa. Nthawiyo inawonjezedwa, n'kuwonjezedwanso, bwanamkubwa wina, a Bobby Jindal, analowa m'malo mwa mayi Blanco n'kuwapeza akadali pamsewu. Omaliza anachoka kumapeto kwa Febuluwale 2009.